Satifiketi ili m'manja, zida palibe: lipoti la maphunziro a ntchito zamanja ku Malawi

Nkhani yake

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'Malawi, ndipo oposa theka anali ana osafika zaka 18. Khamu limeneli linayamba kuonekera mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. M'chaka chimodzi chokha ana olembedwa m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Malo a ku sekondale sanakule molingana, a ku yunivesite ndiye osanena. Choncho chaka chilichonse pamatuluka achinyamata ochuluka amene sukulu yawathera panjira, kapena amaliza Fomu 4 koma kopita kulibe.

Yankho la boma pa vutoli lakhala maphunziro a ntchito zamanja. Mu 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la TEVET, limene linabala bungwe la TEVETA kuti liziyang'anira maphunziro a luso ndi bizinesi, ndi kusunga thumba la ndalama zoyendetsera maphunzirowo. Pansi pa ndondomekoyi pali makoleji akuluakulu monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Mzuzu, Livingstonia ndi Namitete. Palinso makoleji a m'madera amene anayamba mu 2015, sukulu za mipingo ndi za anthu wamba, komanso amisiri a m'misika amene aphunzitsa anthu ambiri kuposa makoleji onsewa kuphatikiza pamodzi.

Lipotili likutsata ndalama kuchokera kwa wolemba ntchito mpaka pa benchi la wophunzira, kenako likutsata wophunzirayo mpaka tsiku limene apeza kasitomala wake woyamba. Chimene chikuoneka paulendowu n'chakuti maso ndi ndalama zimathera pa zinthu zooneka tsiku lodula riboni, monga nyumba, makina ndi chiwerengero cha olembedwa, pamene luso lenileni limamangidwa ndi tinthu timene timatha tsiku ndi tsiku ndipo sitijambulidwa: marodi owotcherera zitsulo, matabwa, dizilo wa jenereta, ndalama ya basi, ndi bokosi la zida.

Ndalama yake imachokera kuti

Lamulo limati wolemba ntchito aliyense azipereka K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito ake. Kampani yolipira antchito K50 miliyoni pa chaka imapereka K500,000. Masiku ano msonkhowu umatoleredwa ndi bungwe lotolera misonkho la MRA m'malo mwa TEVETA, ndipo zimenezi zinali zanzeru, chifukwa MRA ili kale ndi mabuku a malipiro a makampani kudzera mu msonkho wa antchito, ndiye kuzemba kumavuta.

Vuto lili pa kukula kwa munda umene msonkhowu ukukololedwa. Kafukufuku wa boma wa za ntchito wa 2013 anapeza kuti anthu 89 mwa 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno ali pa ntchito zosalembetsa: ulimi wa pakhomo, geni, maganyu, ukalipentala wa pansi pa mtengo. Ndiye kuti kagulu kochepa ka makampani olembetsa, pamodzi ndi boma, ndi kamene kakusenza mtolo wophunzitsa dziko lonse. Izi zimabala kukokana kumene sikunathe mpaka lero. Wa fakitale amafuna kuti ndalama yake imubwerere ngati mmisiri wodziwa makina ake, kapena ngati maphunziro a antchito amene ali nawo kale. Wandale amafuna mnyamata wa kwawo alowe koleji. Onsewa akunena zomveka, koma thumba ndi limodzi.

Othandiza a kunja amatseka mpata wina. Bungwe la European Union linathandiza kudzera mu pulogalamu ya STEP, kenako Zantchito, ndipo World Bank inavomereza madola 100 miliyoni mu 2021 a pulojekiti ya SAVE. Koma ndalama za mapulojekiti zili ndi khalidwe lake. Zimakonda kumanga ndi kugula makina, zimakhala ndi tsiku lotha, ndipo zikatha, bilu ya magetsi ndi ya zipangizo imagwera bajeti ya boma, imene imafika mwezi ndi mwezi, nthawi zina mochedwa, nthawi zina yodulidwa.

Makoleji a m'madera

Peter Mutharika anatsegulira ndondomeko ya makoleji a m'madera mu 2015 ku Ngara m'boma la Karonga, ndi cholinga choti boma lililonse likhale ndi koleji yake. Mponela ku Dowa, Chongoni ku Dedza, Milonga ku Thyolo, Naminjiwa ku Phalombe ndi Aida Chilembwe ku Chiradzulu ndi ena mwa makolejiwa. Angapo anakhazikitsidwa m'nyumba zakale zimene zinangokonzedwa, kuphatikizapo mabesi a Malawi Young Pioneers amene anasiyidwa asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu Disembala 1993.

Ganizo lofikitsa koleji pafupi ndi mudzi linali lolondola, ndipo chifukwa chake chionekera m'munsimu pa nkhani ya atsikana. Koma koleji ya kumudzi imabadwa ndi chilema chimodzi: ili kutali ndi makampani amene angalandire ophunzira pa atachimenti (nthawi yokaphunzira ntchito ku kampani), ndiponso msika wa m'deralo ndi wochepa. Pa malo a malonda pamene pali akalipentala asanu ndi mmodzi amene akulimbirana kale maoda a mabokosi ndi zitseko, kutulutsa akalipentala 20 chaka chilichonse n'kungotsitsa mtengo wa chitseko. Kusankha ntchito zophunzitsa kuyenera kuyamba ndi kuyenda pamsika wa m'deralo n'kuwerenga amisiri amene alipo pa ntchito iliyonse, maoda amene amapeza pa mwezi, ndi ntchito zimene anthu amachita kukaitanira mmisiri ku tauni. M'madera ambiri lero zoterezi ndi kukonza njinga zamoto za kabaza, kuika ndi kukonza sola, kukonza mijigo ndi mapampu othirira, ndi kukonza mafiriji.

M'kati mwa wokishopu

Apa ndi pamene lipotili lichedwepo, chifukwa ndi pamene luso limabadwira kapena kufera.

Titenge kalasi ya zowotcherera ya ophunzira 20. Oyamba amaphunzira ndi marodi a mtundu wa E6013, a 2.5 mm pa chitsulo chopyapyala ndi a 3.2 mm pa chokhuthala. Rodi ya 2.5 mm imafuna mphamvu ya pakati pa ma ampu 60 ndi 90, ya 3.2 mm imafuna cha pakati pa 90 ndi 130. Mphamvu ikachepa rodi imamatirira pa chitsulo, ikachuluka imaboola. Wophunzira amatha kuloweza manambalawa tsiku limodzi. Chimene sangaloweze ndi dzanja: kuyatsa moto osamatiritsa, kusunga mpata wa pakati pa rodi ndi chitsulo kuti ukhale wofanana ndi kunenepa kwa rodiyo pamene rodi ikufupika, kupendeketsa moyenera, ndi kuyenda pa liwiro limodzi. Mphunzitsi wodziwa sachita kuyang'ana. Amamva ndi khutu ngati moto ukulira bwino ngati mafuta a chipisi kapena ukuphulikaphulika, ndipo akagogoda chikhungwa cha pamwamba pa msoko n'kuona chikusendeka chokha, amadziwa kuti mwanayo wagwira.

Kuti dzanja lifike pamenepo pamafunika kuwotcha marodi ambiri. Tiwerengere mosawononga, marodi 10 kwa wophunzira mmodzi pa tsiku la pulakitiko. Kalasi yonse ndi marodi 200 pa tsiku. Paketi ya 5 kg ya 2.5 mm imakhala ndi marodi cha m'ma 250. Masiku atatu pa sabata kwa masabata 12 ndi masiku 36, marodi 7,200, mapaketi pafupifupi 29 pa teremu imodzi, kalasi imodzi. Pamenepo sitinawerenge zitsulo zophunzirira, madisiki odulira ndi opalira, magalasi a zipewa zotchingira kumaso amene amathimbirira ndi ziphuliphuli, magolovesi, ndi magetsi. Zonsezi, kupatula magetsi, zimadalira ndalama yakunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, bajeti imene inalembedwa kumayambiriro kwa chaka inayamba kugula mapaketi ochepa kwambiri kuposa amene anawerengedwa.

Zipangizo zikachepa, zimene zimachitika n'zodziwika. Mphunzitsi amawotcherera yekha msoko umodzi, ophunzira 20 atamuzungulira, awiri kapena atatu n'kuyesako, otsalawo n'kulemba manotsi. Pa ndandanda palembedwa kuti pulakitiko yachitika. Ndipo phunziro limene linakonzedwa kuti mbali yaikulu ikhale ya manja limasanduka la pa bolodi. Marodi ogulidwa mochuluka nthawi imodzi nawonso ali ndi msampha wake: akasungidwa pa simenti m'chipinda chachinyezi nthawi ya dzinja amamwa madzi, ndipo msoko wake umatuluka ndi timabowo. Wophunzira amaganiza kuti dzanja lake ndi loipa pamene vuto ndi rodi. Ayenera kukhala m'kabati youma, pamwamba, paketi yosatsegula mpaka tsiku lake.

Magetsi ndi nkhani ina. Namondwe wotchedwa Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mphamvu yokwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuzimazima kunakhudza wokishopu iliyonse yodalira makina. Koleji yochenjera imakhala ndi ndandanda ziwiri, ya tsiku la magetsi ndi ya tsiku lopanda magetsi, kuti magetsi akayaka ophunzira onse athamangire ku makina, akazima apite kukayeza, kudula ndi sowo yamanja, kupala ndi kujambula mapulani. Koleji yotsatira ndandanda imodzi mouma khosi imapezeka ikuphunzitsa za pa bolodi magetsi akuyaka, n'kufika ku makina atazima.

Zomangamanga zili ndi mwayi wakuti zipangizo zake zimabwerezedwa. Wophunzira amange ndi matope a laimu ndi mchenga, opanda simenti, kuti mphunzitsi akayeza khoma ndi levulo, ligumulidwe, njerwa zipalidwe, mawa zigwirenso ntchito. Koleji yophunzitsira ndi simenti tsiku ndi tsiku ikuwotcha ndalama. Koma pano pali chenjezo lina. Kuyambira 2018 malamulo a zomanga salola njerwa zootcha pa nyumba za boma ndi za malonda, pofuna kuteteza mitengo. Makontirakitala akufuna mmisiri wodziwa mabuloko a simenti: kuti buloko la 400 mm m'litali ndi 200 mm m'mwamba limalowa 12 ndi theka pa sikweya mita, kuti mpata wa daka ukhale 10 mm, kuti daka limapakidwa m'mbali mwa buloko osati kuthiridwa m'mabowo, kuti mabuloko ongoumbidwa kumene amathiriridwa madzi kwa masiku osachepera 7 ndipo simenti imafika pa mphamvu yake pa masiku 28. Womaliza maphunziro amene anangogwirapo njerwa za mchikombole akafika pa saiti amayambira pa udakaboyi, satifiketi ili m'thumba.

Za aphunzitsi tingonena mwachidule. Mmisiri wabwino amapeza zambiri pa kontirakiti imodzi kuposa malipiro a mwezi a mphunzitsi, ndipo mphunzitsi wokhala zaka khumi osalowa mu fakitale amaphunzitsa makina amene anasiya kale kugwiritsidwa ntchito. Makaniko wophunzitsa kabuleta yekha, pamene galimoto zodzaza m'misewu yathu zikufuna kompyuta yopimira, akukonzekeretsa ana ntchito imene ikutha. Mankhwala ake ndi kutumiza aphunzitsi nawonso ku atachimenti pa holide.

Phunziro la 2010: kuphunzira kwa amisiri a m'misika

Pali pulogalamu imodzi imene inayezedwa bwino, ndipo zotsatira zake zikuyenera kudziwika ndi aliyense wolemba ndondomeko za maphunzirowa. Pakati pa 2010 ndi 2011, TEVETA, ndi thandizo lodzera ku National AIDS Commission, inatenga achinyamata pafupifupi 1,900 a zaka 15 mpaka 24 m'maboma onse 28, makamaka amasiye ndi osiyira sukulu panjira, kuti akaphunzire ntchito kwa amisiri a m'madera mwawo. Amisiri 164 anasankhidwa pa ntchito zokwana 17, monga umakaniko, utelala, ukalipentala, zomanga ndi zokonza tsitsi. Mmisiri aliyense ankalandira ophunzira kuyambira mmodzi mpaka asanu ndi atatu, kwa miyezi pafupifupi itatu. Wophunzira ankapatsidwa kandalama ka K4,300, pafupifupi madola 28 pa nthawiyo, ka chakudya ndi pogona.

Achinyamatawa anagawidwa mwa maere, ena kuyamba msanga, ena kudikira, kuti magulu awiriwa athe kufananizidwa. Ofufuza, amene lipoti lawo linatuluka ku World Bank mu 2013, anachitanso chinthu chimene ambiri sachita: anawalondola amene anasiyira panjira n'kuwafunsa chifukwa.

Zimene anapeza ndi izi. Ophunzirawo ananena kuti luso lawo linakwera, ndipo ambiri, makamaka anyamata, anapitiriza kuphunzira ntchitoyo ndi kuona moyo wawo mwa chiyembekezo. Koma patapita miyezi yochepa maphunziro atatha, pa nkhani ya kupeza ntchito ndi ndalama panalibe kusiyana koonekera pakati pa ophunzitsidwa ndi odikira.

Chachiwiri chinali chochititsa manyazi kwa oyendetsa mapulogalamu tonse. Gawo lalikulu la achinyamata osankhidwa silinayambe n'komwe maphunziro, osati chifukwa chokana, koma chifukwa uthenga wowaitana sunawafike. Pakati pa kulemba mayina ndi kuyamba maphunziro panadutsa miyezi, ndipo wachinyamata wosauka sakhala pamodzi kudikira kalata. Wapita ku esiteti, wapita kwa achibale ku tauni, wakwatiwa.

Chachitatu chinali kusiyana kwa anyamata ndi atsikana. Anyamata osiya ankasiya kawirikawiri chifukwa chopeza mwayi wina, monga ntchito kapena ulendo wokasaka ndalama. Atsikana ankasiya chifukwa cha zowagwera: mtunda wopita kwa mmisiri, matenda pakhomo, ntchito za pabanja, ukwati. Atsikana ankadyanso ndalama zawo zosunga kuti apitirize maphunziro, pamene anyamata ankathandizidwa kwambiri ndi amisiri awo, ndipo ndi anyamata amene ankapatsidwa ntchito yolipidwa ndi mmisiriyo maphunziro atatha. Sizodabwitsa kwa wodziwa misika yathu. Mnyamata wa pa galaja angathe kugona m'shedi momwemo, kudya nsima ya masana ndi abwana ake, ndi kulandira ya sopo galimoto ikatuluka. Mtsikana sangagone ku wokishopu ya bambo wachilendo, ndiye amayenda ulendo wa m'mawa ndi madzulo, atatunga kale madzi ndi kuphikira odwala.

Zofunika kutengapo ndi zogwirika. Pakati pa kusankha ndi kuyamba pasadutse masabata oposa anayi kapena asanu ndi limodzi. Polemba dzina, palembedwe manambala a foni awiri, dzina la mfumu ndi la womuyang'anira, ndipo munthu mmodzi wodziwika ndi dzina asainire kuti uthenga wafika. Ndalama ya wophunzira iwerengedwe potengera mtunda, isakhale yofanana kwa onse, ndipo ifike sabata yoyamba, chifukwa yofika mwezi wachiwiri imapeza mwini wake atasiya kale. Mtsikana aikidwe kwa mmisiri wa pafupi, ndipo ngati n'kotheka awiriawiri. Komanso miyezi itatu ndi yokwanira kuphunzira kusoka yunifolomu kapena kumeta, koma siikwanira umakaniko.

Atachimenti

Maphunziro a m'makoleji anakonzedwa kuti wophunzira azisinthana, nthawi ina ku koleji, nthawi ina ku kampani. Pa pepala ndi njira yabwino kwambiri. Pa ntchito yake, malo ndi ochepa, ndipo ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndi ku makampani ochepa akuluakulu a shuga, tiyi ndi zomanga. Wophunzira amapatsidwa kalata n'kuuzidwa kuti akadzipezere malo. Amene ali ndi amalume ku kampani amalowa. Wa kumudzi amayenda geti ndi geti mpaka ndalama ya basi itatha.

Amene wapeza malo sanapulumukebe. Kampani yopanda munthu wosankhidwa kuti aziyang'anira ophunzira imawasandutsa otumidwa: kusesa, kutsuka mapatsi, kunyamula makwerero, kukagula chipisi cha masana. Miyezi isanu ndi umodzi imatha asanamasulepo injini. Foromani sakhala ndi nkhanza nthawi zonse ayi. Iye amayankha mlandu makina akaonongeka, ndipo palibe chimene amapindula pophunzitsa mwana wa eni ake.

Atachimenti yogwira ntchito imafuna zinthu zinayi, ndipo zonse zimafuna ndalama kapena nthawi ya munthu. Pakhale pangano lolembedwa pakati pa koleji, kampani ndi wophunzira, lotchula maluso amene ayenera kugwiridwa, mwachitsanzo kuika waya wa nyumba ya zipinda zitatu kuyambira pa bokosi la mabuleka mpaka kuyeza waya wa pansi. Pakhale buku limene foromani amasainira luso lililonse pamene lachitika, osati kusainira masamba onse tsiku lomaliza, monga zimachitikira. Mphunzitsi wa ku koleji ayendere wophunzira kawiri, kumayambiriro ndi pakati, chifukwa ulendo wa kumapeto umangopeza madzi atatayika kale. Ndipo kampani yophunzitsa bwino ibwezeredwe gawo looneka la zimene yawononga, mosavutitsa ndi mapepala. Mfundo yomalizayi ndi imene ingathetse kudandaula kwa olipira msonkho uja, chifukwa wolipirayo angaone ndi maso ake kumene ndalama yake yapita.

Pali mbali imene sikambidwa mokwanira. Atsikana a pa atachimenti m'ntchito zodzaza amuna amakumana ndi akuluakulu ofuna chibwenzi posinthana ndi siginecha. Ngati munthu yekhayo wokadandaulako ndi yemweyo wosainira bukulo, mtsikanayo amangosiya mwakachetechete, ndipo m'kaundula mumalembedwa kuti anathawa. Koleji izikhala ndi mayi wodziwika amene ophunzira ali ndi nambala yake asananyamuke.

Mapepala

Kwa zaka zambiri Malawi anali ndi njira zitatu zoyesera mmisiri mmodzi yemweyo: Trade Test ya Unduna wa za Ntchito, yoyambira Giredi 3 kukathera Giredi 1, Malawi Craft ya MANEB, ndi satifiketi za TEVETA za magawo anayi. Ophunzira ambiri ankalipira ndi kulemba mayeso a njira ziwiri kapena zitatu, ena n'kuonjezera mayeso a ku Britain a City and Guilds, poopa kuti bwana akakana pepala lina. Aphunzitsi ankagawa nthawi pa masilabasi atatu. Boma linagwirizanitsa njirazi kukhala satifiketi imodzi, ndipo imeneyi inali ntchito yabwino, ngakhale mabwana akale pa saiti amafunsabe kuti «Uli ndi giredi chani?»

Chofunika kwambiri pa mapepala ndi njira yoyesera munthu amene anaphunzira yekha kumsika, wa zaka khumi pa ntchito koma wopanda pepala. Iyeyu akayesedwa ndi manja n'kupatsidwa satifiketi, amatha kupikisana nawo pa ntchito za khonsolo ndi kulandira ophunzira movomerezeka. Pa ndalama yochepa, njirayi imatulutsa amisiri ovomerezeka ambiri kuposa kumanga kalasi yatsopano. Mayeso ake azikhala a manja ndi a pakamwa m'chilankhulo cha munthuyo, chifukwa kumuyesa Chingerezi mmisiri wa zitseko za zitsulo n'kuyesa chinthu china.

Satifiketi payokha siitsegula makomo onse. Wa zamagetsi amafunika chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta, kuti ntchito yake ivomerezedwe polumikiza magetsi a ESCOM, ndipo womanga wofuna makontirakiti amayenera kulembetsa ku bungwe la boma loyang'anira zomangamanga. Ophunzira ambiri amamva za izi atamaliza kale. Ziyenera kulowa m'teremu yomaliza, pamodzi ndi mtengo wake.

Tsiku lotsatira mwambo wa masatifiketi

Popeza ntchito zolembedwa ndi zochepa, ambiri mwa omaliza maphunziro ayenera kudzilemba okha. Apa ndi pamene mutu wa lipotili ukuchokera. Telala wopanda makina ndi kalipentala wopanda sowo, chopalira matabwa, matchizulo, sikweya ndi zopanira amakhala pakhomo. Dzanja losagwira ntchito miyezi isanu ndi umodzi limayamba kuiwala, ndipo njala siidikira: mnyamata amatenga njinga ya kabaza ya munthu, kapena amakwera basi ya ku Johannesburg kukagwira ntchito ya m'munda.

Boma layesapo kangapo kutseka mpatawu ndi ngongole: MARDEF mu 2005, kenako YEDEF ya achinyamata m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, ziwirizi n'kuphatikizidwa kukhala MEDF, imene inasanduka NEEF mu 2020. Mbiri ya matumba amenewa ili ndi madandaulo obwerezabwereza a ngongole zosabwezedwa ndi kulowerera kwa ndale. Koma ngakhale thumba litayenda bwino, ngongole ya ndalama kwa wongomaliza kumene ili ndi vuto lake. Kubweza kumayamba makasitomala asanamudziwe, ndipo ndalama yolowa m'nyumba yosauka imakumana ndi fizi ya mng'ono, feteleza ndi maliro isanafike ku sitolo ya zida.

Njira zimene zimayenda bwino ndi zosavuta kuzifotokoza. Wophunzira azisonkhanitsa zida zake pang'onopang'ono kuyambira chaka choyamba, teremu iliyonse chida chimodzi kapena ziwiri, zolembedwa dzina lake, kuti pomaliza akhale ndi bokosi limene analizolowera. Zida zoperekedwa zikhale zolimba. Kugula kwa tenda kumakonda zotchipa, ndipo tchizulo chopindika sabata yoyamba n'chimodzimodzi kusapereka. Makina okwera mtengo, monga owotcherera kapena opalira matabwa, aperekedwe kwa gulu la anthu atatu kapena anayi amene asankhana okha, osati ophatikizidwa ndi ofesi, ndipo umwini ulembedwe momveka kuti wina akachoka zidziwike kuti makina atsala ndi ndani. Wokishopu ya koleji izitsegulidwa madzulo ndi Loweruka kuti omaliza maphunziro azibwereka makina pa mtengo wochepa.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi oda yoyamba. Makhonsolo ndi masukulu amagula madesiki, mafelemu a mawindo, zitseko ndi mayunifolomu chaka chilichonse. Oda ya madesiki 2,000 ikaperekedwa yonse kwa mmodzi, amapambana ndi wamalonda wamkulu wa mu mzinda. Ikagawidwa m'magawo a madesiki 50, ndi chitsanzo chimodzi choti onse atsatire, gawo la ndalama n'kuperekedwa poyamba kuti agulire matabwa ndi zitsulo, ndi malipiro otsala kufika pasanathe masiku 30, magulu a achinyamata a m'bomalo angathe kuigwira. Mfundo ya masiku 30 ndi imene imapha kapena kupulumutsa: wamalonda wamkulu angathe kudikira boma miyezi isanu ndi umodzi, gulu la anyamata anayi limagulitsa makina mwezi wachitatu.

Zoyeza ndi zoyamba kulipira

Malipoti ambiri amawerenga olembedwa ndi omaliza. Manambala oyenera kufunsidwa kwa koleji iliyonse ndi ena: maola amene wophunzira mmodzi anagwiradi chida pa teremu, ophunzira angati pa makina amodzi ogwira ntchito, angati anapeza atachimenti ya ntchito yawo, atsikana angati anasiya ndi chifukwa chake, ndi angati akudya za luso lawo patapita miyezi 6, 12 ndi 24. Kulondola omaliza maphunziro sikufuna ndalama zambiri. Kaundula wa mafoni, gulu la WhatsApp la kalasi iliyonse, ndi munthu mmodzi woimba mafoni sabata imodzi pa teremu n'zokwanira.

Pokonza bajeti ya koleji, mzere wa zipangizo zakutha uwerengedwe pa wophunzira mmodzi pa ntchito iliyonse, monga tawerengera marodi aja, ndipo chiwerengero cha olembedwa chichokere pamenepo. Ngati ndalama ikukwana mapaketi 15 pa teremu, kalasi ya zowotcherera ilandire ophunzira 10, osati 20. Ndalama ya zipangizo ifike teremu isanayambe ndipo isaloledwe kubwerekedwa kukalipira misonkhano. Ya mayendedwe a aphunzitsi okayendera atachimenti ndi ya mabokosi a zida ikhale pa mizere yakeyake, ndipo pempho lomanga kalasi yatsopano liziyamba laonetsa kuti mizere itatuyi yalipidwa mokwanira kwa zaka ziwiri zapitazo.